Mazira Awiri pa Tsiku

Chilomoni, Blantyre
11 Ogasiti 2024

Okondedwa Bambo a Binwell,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani mukupezako bwino. Kuno tili moyo. Mapasa a mwana wathu Prisca akuyamwa mosapumira, ndipo mayi wawo wayamba kuyendayenda m'nyumba, koma bala la opaleshoni silinapole, choncho sindingamusiye pakali pano.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumangoti "eya, eya" pamene simunamve kanthu. A Adam agolosale amabwera ku Limbe kawirikawiri kudzaoda katundu, ndipo avomera kumatinyamulira makalata.

Mpongozi wathu Estere wandiuza kuti mutachira chibayo chija anakukwezani pa sikelo kuchipatala, ndipo munakwana makilogalamu 50. Chaka chatha munali 59. Prisca atamva analira. Wanena kuti mukapanda kufika 53 pomayamba Disembala, adzatuma galimoto mvula isanaononge msewu, mudzakhale kuno mpaka kalekale. Chipinda wakonza kale. Ndikudziwa kuti simungafune kusiya nyumba yanu ndi manachesi anu. Inenso sindifuna kukalambira pa mpanda wa njerwa uno. Ndiye tiyeni tigwire ntchito.

Chimene matenda anakudyani si mafuta okha, ndi mnofu. Mnofu umamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, zija timazitcha mapuloteni. Ndinaphunzitsa zimenezi ku pulayimale zaka zambiri, komabe ndafunsanso anamwino amene amaona Prisca kuti nditsimikize. Akuti munthu wamkulu wabwinobwino amafunika pafupifupi galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, koma wokalamba amene akuchira amafunika kupitirirako. Inu ndakuwerengerani magalamu 60 pa tsiku.

Zochita ndalembera Estere. Inu yanu ndi imodzi: kudya.

Mundiuze za nkhuku, ndi ngati nandolo wauma.

Ndine mkazi wanu,
Yunike


Chilomoni
11 Ogasiti 2024

Estere mwananga,

Moni kwa iwe ndi adzukulu anga, Lonjezo ndi Tikondane. Kodi mwamuna wako Binwell waimbako kuchokera ku Joni?

Ndakutumizira usipa wouma kudzera mwa a Adam. Tamvera bwino. Tsiku lililonse abambo adye mazira awiri. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 a zomanga thupi, ndiye awiri ndi 12. Tili ndi nkhuku zazikazi zisanu ndi zinayi, sizingalephere. Usipa utape dzanja limodzi lodzaza, amenewo ndi magalamu ngati 15. Nyemba kapena nandolo wophika, kapu imodzi ya tiyi yodzaza, ndi 13. Mtedza dzanja limodzi usinje uthire m'masamba, ndi 7. Nsima nayo ili nazo pang'ono, ngati 15 pa tsiku, makamaka ya mgaiwa, ngakhale payokha siyikwanira. Imafuna nyemba kuti zithandizane. Ukaphatikiza zonse ndi 62.

Zambiri uzipereka masana, popeza madzulo abambo sadya kwenikweni.

Chinthu chimodzi ndikupempha: pa ndiwo zimenezi usawonjezere, usachotsere. Ukasintha muyezo, sikelo ikayenda sitidzadziwa chimene chayiyendetsa.

Mayi ako,
Yunike


Magaleta
25 Ogasiti 2024

Aphunzitsi,

Kalata yanu yafika ndi masamu ake onse. Ndinayiwerenga kawiri, kachitatu anandiwerengera anzanga a Fackson mokweza ngati kuti vuto ndi maso. Atafika pa magalamu 60 anaima nkufunsa kuti, "Kodi akazi anuwa akudyetsa munthu kapena akuthira feteleza?"

Ndili bwino. Miyendo yokha imanjenjemera ndikafika pa mtengo wa mapeyala, ndiye ndimabwerera. Nandolo wauma, Estere wathyola. Nkhuku zilipo zisanu ndi zitatu, ina inatengedwa ndi kamtema, musandifunse tsiku. Mbuzi yamawanga ija yaswa.

Za Prisca, mumuuze kuti chipindacho asungiremo makala. Ine kutauni ndikachitako chiyani? Kuwerenga magalimoto pa windo? Kuwerenga ndi ntchito yanu.

Anthu sanandiiwale. A Malizani amabwera tsiku lililonse kudzandizonda, timasewera bawo pakhonde. Chimwalirire akazi awo chaka chatha nyumba yawo ili zii, ndiye kuno amapezako pocheza. A Fackson nawo sadumphitsa kwenikweni. Akuti ndikuba nkhomo pa bawo chifukwa odwala samangidwa.

Chakudya chikubwera monga munalamulira. Pakhomo pano mazira sanaphikidwepo chonchi chiyambire.

Mupsompsone mapasawo. Kodi afanana ndi ndani? Musanene kuti akwanu.

Ine mwamuna wanu,
Herbert


Magaleta
15 Seputembala 2024

Amayi,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tili bwino. Bambo a Lonjezo anaimba, akupereka moni.

Ndachita zonse monga munalembera. Mazira awiri, usipa dzanja limodzi, nandolo kapu imodzi, nsinjiro m'masamba. Sindinaphonyepo. Mbale zimabwera zopanda kanthu, ngakhale msuzi sutsala.

Lachinayi tinapita ku sikelo. Abambo ali 50 yomwe ija. Anamwino anati tipitirize.

Usipa watsala pang'ono. Ufanso ukutha msanga masiku ano, ndapita kuchigayo kawiri mwezi uno.

Ine mpongozi wanu,
Estere


Chilomoni
22 Seputembala 2024

Estere,

Zikomo chifukwa cha kalata. Usipa wina ndapatsira a Adam.

Nkhani ya sikelo yandizunguza mutu. Munthu wodya magalamu 62 pa tsiku kwa mwezi wathunthu, wosagwira ntchito yolemetsa, sangaime malo amodzi. Ndabwereza masamu anga ndipo sindikupeza cholakwika. Ndiye pali pena pamene pakudontha, ndipo ndikufuna ndipapeze.

Ndili ndi mafunso. Kodi abambo akutsegula m'mimba? Akumwa madzi kwambiri kapena kukodza pafupipafupi? Ngati ndi choncho apite akayezetse shuga. Kodi anapatsidwa mankhwala a njoka zam'mimba? Kodi sikelo ndi yomwe ija, ndipo anavala jekete lomwe lija?

Za ufa zandidabwitsanso. Munthu amene akumaliza ufa chonchi amayenera kunenepa, osati kuima.

Funso lomaliza usalitenge molakwika. Lonjezo ndi Tikondane ndi ana, ndipo mwana akaona dzira amalifuna. Kodi mazira onse awiri akufikadi kwa agogo awo?

Mayi ako,
Yunike


Chilomoni
6 Okutobala 2024

Bambo a Binwell,

A Adam abwera kawiri opanda kalata ya Estere. Ndaimba foni yake, imangoitana. Kodi kwagwanji?

Prisca wagula matiresi atsopano a chipinda chija.

Yunike


Magaleta
13 Okutobala 2024

Amayi a Binwell,

Kwagwa inu. Mwanayu atawerenga kalata yanu anakhala kuseri kwa khitchini nthawi yaitali. Ine sangandiuze, mukudziwa kuti mpongozi sakamba zotere ndi ine, koma akazi a a Fackson anandifotokozera. Akuti ana ake sanalawe dzira chiyambire Ogasiti, chifukwa nkhuku zikaikira awiri okha, awiriwo amabwera kwa ine. Tikondane analirira dzira tsiku lina nkumenyedwa. Ndiye inu nkumufunsa zimene munamufunsazo.

Mafunso anu enawo ndiyankha ndine. M'mimba muli bwino. Shuga anayeza, alibe. Mankhwala a njoka ndinamwa. Jekete ndi lomwe lija, ndili nalo limodzi.

Tsopano musakwiye. Lachinayi sikelo inati 49. Anamwino anandiyang'ana nkuti, "Agogo, mazira aja mukudya kapena mukungocheza nawo?" Ndinati ndikudya. Anandiperekeza ndi a Malizani, popeza Estere anali kumaliro kwa Chifunga. Iwo atamva 49 anati, "Tandikwezani nanenso, mwina ndinafa kale sindikudziwa." Anakwera. Sikelo inati 59. Anatsika, anavula nsapato, anakweranso, 59 yomweyo. Akuti mu Juni atadzayezetsa kuthamanga kwa magazi anali 56. Anamwino anaseka mpaka kugwira tebulo, amvekere, "Odwala akutsika, owazonda akukwera." A Malizani anabwerera akuyenda ngati mnyamata, akuti lamba wawo wasunthanso bowo.

Ndinasangalala nawo. Munthu uja anatha ngati nkhuni akazi awo atamwalira.

Prisca musamuuze za 49.

Herbert


Chilomoni
17 Okutobala 2024

Estere mwananga,

Funso lija linali loipa, ndipo ndinalakwa kulifunsa. Ndikhululukire. Kuyambira lero nkhuku zikaikira, ana ayambe ndiwo kulandira limodzi agawane. Mwana amene akukula amafuna zomanga thupi kuposa momwe msinkhu wake umaonetsera, ndipo sindinafune kuti adzukulu anga alipire mnofu wa agogo awo.

Ndili ndi funso lina, ndipo ili ndikufunsa chifukwa ndikufunadi kudziwa. Ndawerenga kalata ya abambo kangapo, ndipo pali nambala imodzi imene ikundikoka. Ndiuze mmene chakudya cha masana chimayendera, kuchokera pamene wachipakula mpaka pamene mbale zabwerera. Umachiika pati? Iwe umakhala pati? Ndipo ukamapereka madzi osamba m'manja, amasamba anthu angati?

Mayi ako,
Yunike


Magaleta
24 Okutobala 2024

Amayi,

Ndalandira kalata yanu. Zatha, musadandaule. Ana adya dzira dzulo, Tikondane ananyambita mpaka chikhatho.

Za masana zimayenda chonchi. Ndikapakula ndimanyamula kupita nazo pakhonde. Ndimagwada pa sitepe, ndimaika beseni la madzi ndi mbale, kenako ndimachoka kupita kukhitchini. Sindikhala, amayi. Ndingakhale bwanji nkumayang'ana apongozi aamuna akudya? Akamaliza amagogoda mbale ndi supuni, ndimakatenga.

Osamba m'manja amakhala atatu: abambo, a Malizani ndi a Fackson. Loweruka nthawi zina anayi, akabwera akulu ampingo. A Malizani amafika dzuwa likakhala pamutu. Poyamba ankabwera mwa apo ndi apo, koma chiyambire mwezi wa Ogasiti sanadumphepo.

Ndikaona alendo ndimawonjezera nsima, nchifukwa chake ufa ukutha. Ndiwo sindiwonjezera chifukwa munati ndisawonjezere, ndisachotsere. Ndinkachita manyazi kutulutsa mazira awiri pa anthu atatu, koma ndinati amayi ali ndi chifukwa chawo.

Simunandifunsepo za alendo, ndipo ine sindinaganize kuti ndi nkhani. Munthu akadwala anthu amabwera.

Estere


Chilomoni
27 Okutobala 2024

Bambo a Binwell,

Ndawapeza makilogalamu anu. Atatu ali m'lamba wa a Malizani. Otsalawo sindikudziwa, a Fackson sanakwere sikelo.

Ndinawerengera chakudya cha munthu mmodzi, ndipo chakhala chikudyedwa ndi anthu atatu. Koma ngakhale mutagawana mofanana, simukanatsika chonchi. Ndiye ndiyankheni moona, osaseka. Pa mazira awiri aja, inu mumadya angati? Usipa mumatapa kangati? Ndakhala nanu m'nyumba nthawi yokwanira kudziwa mmene dzanja lanu limayendera m'mbale mukakhala ndi mlendo, koma ndikufuna ndimve kwa inu.

Yunike


Magaleta
31 Okutobala 2024

Aphunzitsi,

Mwandigwira, ndiye ndinene.

Mazira ndi awiri, alendo ndi awiri. Nanga ine mwini khomo nditenge dzira, munthu amene wayenda mtunda kudzandiona aziviika nsima mu msuzi? Bambo anga akanadzuka kumanda. Ndimawakankhira mbale, iwo amati "ayi, ndi zanu odwala," ine ndimati "ndadya kale m'mawa," iwo amati "basi poti mwatero." Timatero tsiku lililonse, mawu ake omwewo.

Usipa ndiye ndisaname, umandibaya m'nkhama. Kumanzere kulibe mano, kumanja atsala aja mukuwadziwa. Ndimatapa msuzi wake, ndi wokoma. Nandolo ndimadyako pang'ono, makoko ake amandikakamira. Masamba otendera ndiye ndimadya ndithu.

Ndimadzuka pamenepo nditakhuta, Yunike. Mimba imadzaza. Ndinkaganiza kuti kukhuta ndiye kudya.

Tsopano ndikudziwa chimene mukuganiza, ndipo ndikukanirani kusanache. Musalembere Estere kuti abweze anthu, kapena kuti azibisa chakudya mpaka achoke. A Malizani chakudya chenicheni amachiona pano pokha. Kwawo amangowiritsa mbatata. Ngati kukhala kwathu kuno kukufuna kuti ndidye dzira munthu uja akundiyang'ana, kuli bwino galimoto ya Prisca ibwere.

Herbert


Chilomoni
3 Novembala 2024

Estere mwananga,

Moni nonse. Ndawerengeranso. Pa magalamu 62 aja, abambo akhala akulandira mwina 30, ambiri mwa iwo ochokera mu nsima. Tatsala ndi mwezi umodzi.

Alendo sitibweza. Abambo akana, ndipo ndaganizira ndaona kuti akunena zoona. Ndiye ndakhala ndikudzifunsa funso ili: ndi chakudya chiti chimene mwamuna wamkulu sangalandire kwa mnzake, ngakhale atamukakamiza? Nsima alandira. Mbatata alandira. Tiyi alandira. Chimanga chootcha alandira. Ndayenda nazo zonse m'mutu, ndipo chatsala chimodzi: phala la wodwala.

Uchite chonchi. Ndatumiza soya. Umukazinge mpaka fungo lauwisi lichoke, upete, ukagayitse pamodzi ndi mgaiwa. M'mawa uphike phala, uthiremo masupuni awiri odzaza a ufa wa soya ngati wagaya padera, dzanja la nsinjiro, ndipo likatsala pang'ono kupsa uswere dzira nkutakasa mpaka lisaoneke. Mbuzi yamawanga ili ndi mwana. Ukame kapu imodzi, uwiritse, uthiremo. Mkaka kapu imodzi ndi magalamu 8. Mbale imeneyo yokha ipitirira magalamu 30. Chakumadzulo uphikenso lina locheperako, la dzira lachiwiri. Usipa uwambe pang'ono, usinje mu mtondo mpaka ukhale ufa, uzithira m'ndiwo zamadzulo. Minga ikasinjika siyibaya, ndipo imalimbitsa mafupa.

Phalalo uziperekera m'mbale yaing'ono yamaluwa ija ndi supuni imodzi. Pakakhala mlendo unene momveka kuti, "Phala la odwala."

Za masana ndafafaniza lamulo langa. Nandolo tili naye wambiri. Phika mphika waukulu, usayeze, aliyense adye. Nyemba uziviika, uchotse makoko, uphike chipere, kuti abambo asavutike kutafuna. Mazira asatulukenso masana.

Undilembere zimene uone, ngakhale zimene ukuganiza kuti si nkhani.

Mayi ako,
Yunike


Magaleta
17 Novembala 2024

Amayi,

Tili bwino tonse. Munati ndilembe ngakhale zosakhala nkhani, ndiye ndilemba.

Masiku oyamba a Malizani atakhala pa chakudya cha masana ndinamva ali kufunsa kuti, "Kodi nkhuku zaleka kuikira?" Abambo anati, "Kwatentha." Anadya chipere mpaka kupempha china.

Kenako tsiku lina anafika m'mawa, akuti amadutsa. Anapeza ndikutulutsa phala. Ndinagwada nkunena monga munandiuzira. Ulendo uno sindinapite kukhitchini, ndinaima kuseri kwa chitseko, mundikhululukire. Abambo anakankha mbale nkuti, "Tiyeni a Malizani, tigawane." A Malizani anayang'ana mbaleyo, anayang'ana supuni, nkuti, "Ine? Phala la odwala? Mukufuna anthu akamve kuti Malizani wafika polanda phala pakamwa pa wodwala? Idyani, bambo, ine ndikudikirani." Abambo anati, "Ndi lambiri." Iwo anati, "Likhale lambiri. Ndine khanda ine?" Ndipo anakhala pomwepo nkumawalondera. Abambo atafuna kusiya pakati, a Malizani anati, "Malizani, dzina langa lomwelo mukulidziwa, musatichititse manyazi." Anamaliza.

Chiyambire tsiku limenelo amabwera m'mawa uliwonse, akuti kudzaonetsetsa. Ndimawapatsa tiyi ndi mbatata. A Fackson amawatcha anamwino.

Abambo amadandaula kuti phala ndi la ana, koma mbale imabwera yoyera, ndipo tsopano ndikudziwa wayeretsa. Dzana anayenda mpaka kumunda wa manachesi nkubwerako osapumira panjira.

Sikelo ya Lachinayi inati 50 ndi theka.

Ana nawonso ndikuwapatsako phala lomwelo. Soya atha sabata yamawa.

Estere


Chilomoni
6 Disembala 2024

Adadi,

Muli bwanji? Amayi andionetsa uthenga wa alamu kuti dzulo sikelo inati 52. Ndasangalala, koma tinagwirizana 53. Mvula yayamba kale kuno. Mukadwalanso mu Januwale msewu utaonongeka, ndidzakutengani bwanji? Ndalankhula ndi adalaivala, akhoza kubwera Loweruka la mawa lino likadutsa. Musandione ngati wankhanza. Ndikufuna ana angawa adzakudziweni.

Mwana wanu,
Prisca


Magaleta
8 Disembala 2024

Amayi a Binwell,

Kalata ya Prisca ndaiona. Sindimuyankha ndekha chifukwa ndinganene zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Mwanayo akunena chifukwa cha chikondi, ndikudziwa.

Ndayesetsa, Yunike. Phala ndadya mpaka ndikulilota. Kilogalamu imodzi yokha ndiyo yatsala. A Malizani anati tibwerere ku sikelo nditaika miyala m'matumba a jekete, anasankha kale iwiri yosalala. Ndinakana. Ndinati akazi anga adzafunsa kulemera kwa mwala uliwonse.

Inu ndinu munthu wa nambala, ndipo nambala yandikana. Ngati mukuti ndibwere, ndibwera. Ndingopempha kuti mudikire ndibzale kaye kuseri kwa nyumbaku, mvula yagwa Lachiwiri ndipo nthaka yafewa. Dzulo ndinagwira khasu, mizere inayi. Estere anandilanda.

Herbert


Chilomoni
11 Disembala 2024

Okondedwa Bambo a Binwell,

Galimoto ibwera Loweruka monga Prisca ananenera. Musamange katundu. Ikubweretsa ine.

Ndinakhala naye pansi mwana wanu mapasa atagona masana. Anati, "Amayi, 52 si 53. Inu nomwe munandiphunzitsa kuti ansala yoyandikira ndi yolakwa." Ndinati nzoona, ndipo ndinamulembera nambala zitatu papepala: 49, 50 ndi theka, 52. Ndinamufunsa kuti yotsatira ndi chiyani. Anati, "Musandiyese mwana wa Sitandade 4." Ndinati ayankhe basi. Anayang'ana pepalalo, kenako anati 53 ndi theka. Ndinamuuza kuti miyezi itatu yoyamba inatayika chifukwa ine ndinawerenga mazira osawerenga manja olowa m'mbale, ndipo si bwino kuti bambo ake achoke pakhomo pawo chifukwa cha samu yanga. Ndinamuuzanso za mizere inayi ija. Pamenepo analira pang'ono.

Wavomera, koma waika mfundo zake. Muzikwera sikelo mwezi uliwonse, ndipo mukatsika pansi pa 51 nkhani idzayambiranso. Komanso akuti sakhulupirira aliyense wa inu kumeneko, ndiye ndipite ndekha. Bala lake lapola, ndipo apongozi ake aakazi abwera kudzathandiza mapasa. Pa Isitala adzabwera nawo kuti mudzaone nokha amene afanana naye. Ndi akwathu.

Ndikubweretsa soya, usipa, ndi nkhuku zazikazi zinayi zoti zayamba kale kuikira. Ndawerengera pakhomo ponse tsopano: inu, ine, Estere, ana awiri, ndi a Malizani. Munthu wa makilogalamu 59 pa msinkhu wawo amafunika magalamu 60 nayenso, ndipo sindikufuna abweze zimene tawamangira movutikira chonchi. Muwauze kuti dzira lawo lilipo, lowerengedwa, asamadikirenso kuti muwakankhire lanu. A Fackson ali ndi akazi awo, azidyera kwawo.

Phala silisiyidwa. Ndipo masana mundisungire malo pakhondepo. Ine si mpongozi wanu. Ndidzakhala pomwepo mpaka mumeze.

Ndine mkazi wanu,
Yunike